Botolo la nandolo lomwe ndinapita nalo ku Nathenje

Ndinanyamuka pa Mitundu cha m'ma 7 koloko m'mawa wa Loweruka lozizira la mu Juni. M'chikwama munali botolo la makoko a nandolo wanga obooledwa ndi mbozi, omwe ndinathyola sabata yathayo. Ndinkapita nawo kwa a Sayidi, ogulitsa mbewu pa Nathenje, kuti ndikawayalutse. Ndinali nditalengeza kale ku kalabu yathu ya alimi kuti mbewu yawo imabwera ndi mbozi m'kati, ndipo anthu anandimvera poti ndine mlembi.

Minibasi yopita kutauni inandidya K3,000, kondakitala atandikhalira pabondo ulendo wonse. Ndinatsikira pamphambano ya ku Bunda, ndinagula chinangwa chootcha, n'kukwera ina yolowera ku Dedza. Mayi wina woyandikana nane anasuzumira m'chikwama.

"Bambo, ndiwo zanu zikuulukatu," anatero.

Ndinamuyang'ana ndi diso loipa, osasuzumira m'botolomo n'komwe.

Pa Nathenje ndinafika 11 koloko itakwana. A Sayidi, bambo wa imvi ndi kachipewa koyera, anali okha m'sitolo. Ndinaika botolo patebulo mwamphamvu. Nditatsegula, munatuluka tiagulugufe tiwiri tofiirira, toonda, mapiko ake ogawikana ngati nthenga.

"Aa, aka ndimakadziwa," anatero akumwetulira. "Kamaikira mazira pamaluwa ndi pamakoko anthete. Mbozi ikaswa imaboola khoko kuchokera kunja, kudya njere. Ikakhuta imadzimata pakhoko ngati yafa, kenako n'kutuluka chonchi. Nandolo akatha kamakhalira nkhungudzu. Muli nazo kwanu?"

Nkhungudzu zayanga mpanda wanga wonse, kuyang'anizana ndi munda. Ndinabzala ndekha, ndipo ndimazinyadira.

Anandiitanitsira tiyi ndi mandasi awiri. Manyazi anandigwira.

"Ndinu a ku Mitundu eti?" anafunsa nditatchula kwathu. "Anzanu a kumeneko anasiya kugula kuno. Akuti pali munthu wina wophunzira akunena kuti mbewu yanga ndi yoola. Mukamudziwa, mukamuonetseko botololi."

"Ndikamuonetsa, bambo," ndinayankha, maso ali m'kapu.

Pobwerera ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Ndinaphunzira moyo wonse wa kachilombo kwa munthu yemwe ndinamuthamangitsira makasitomala, ndipo ndinamwa tiyi wake mpaka kumaliza osamuuza dzina langa.