Mabota a Ababa M'thumba la Mapira

Ndinali ndi zaka khumi, chaka chachiwiri chisamukireni ku Cateme, kumene anatipititsa kuti pamudzi pathu akumbepo malasha. Ababa ankagwira ntchito kumgodi ku Moatize. Ankabwera Loweruka n'kubwerera Lolemba m'mamawa, ndipo masiku awiriwo ankathera m'mafunso. Amayi ankayamba asanawalandire n'chikwama chomwe: bwanji simunaimbe, akukuchapirani ndani kumeneko? Ababa ankangonyamula mpando n'kukakhala kuseri ndi wailesi. Akapita, Amayi ankatha masiku osapesa tsitsi.

Zinanditopetsa. Lamulungu lina madzulo ndinatenga nsapato zawo za kuntchito, mabota olemera, onunkha thukuta ndi fumbi la malasha, n'kuwakwirira m'thumba la mapira. Ndinkadziwa kuti wopanda mabota kumgodi salowa. M'nzeru zanga zachibwana, Ababa akatsala, Amayi achira.

Kutacha Ababa anatembenuza nyumba yonse kufuna mabotawo. Chapa yoyamba, minibasi yopita ku Moatize, inadutsa, yachiwirinso. Amayi ankathandiza kufuna, koma ankasuzumira m'mapoto ndi pansi pa mtondo. Dzuwa litakwera ndinaulula ndekha, ndipo Amayi anandikwapula ndi kamtengo mpaka kanathyoka. Ababa anakhuthula mapira m'mabotamo n'kuvala.

"Amake Rosita, ndi mwana yemwe mwamuphunzitsa kundimanga," anatero kwa Amayi potuluka, akunena ine. Anatha milungu isanu osabwera.

Masana a tsiku la mabotalo, akundipaka mafuta m'miyendo, Amayi anati, "Ndinakuona dzulo ukubisa."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimafuna akhaleko tsiku limodzi."

Ndi pamene anandiuza kuti pothawa nkhondo ali mwana, bambo awo anawasiya pa Zóbuè, akuti akatenge mbuzi abwera, ndipo sanaonekenso. Za Ababa ndinadzamva nditakula: anakulira kwa amalume awo, kumene mwana akalira ankamutulutsa panja mpaka atatonthola yekha.

Banja silinathe. Akukalamba m'nyumba imodzi, aliyense ali yekhayekha, ndipo kuwaona kumandifoola. Tsopano ndikumvetsa kuti onse awiri anali ndi mantha, wina oti asiyidwa, wina oti apanikizidwa, ndipo mantha a mmodzi ankakolezera a mnzake.

Ine ndinatengera Amayi. Mwamuna wanga amayendetsa galimoto yaikulu ya katundu, ndipo akayamba kulongedza zaulendo ndimapeza chokangana naye, kaya mchere, kaya malaya, m'malo mongomuuza kuti ndikuopa kutsala ndekha. Ndimadziwa bwino lomwe chimene ndikuchita. Mpaka lero sindinamuuzebe.