Makapisozi a Malume

Anandilanda sukulu ndili mu kalasi ya nona, yachisanu ndi chinayi. Malume, achimwene awo a amayi, ndiwo anagamula kuti njinga ya malemu bambo isamangokhala, ndizinyamulira anthu chimanga kupita ku malire. Sindinawakhululukire mpaka lero.

Chaka chomwecho amayi anabayidwa jakisoni wa penisilini ku chipatala chaching'ono cha kwathu. Asanafike n'kumsewu komwe, milomo inatupa, thupi lonse zidzolo, mpweya ukuchita kulira pakhosi. Namwino atawapulumutsa anandikokera pambali.

"Iwe umatha kuwerenga, tamvera. Penisilini ndi banja lalikulu. Amokisilina, ampisilina, onsewo mphika ndi umodzi. Ndi mankhwala abwino, koma thupi la mayi akowa lawakana. Akadzadwalanso uzinena, tiziwapatsa a banja lina, monga eritromisina."

Ndinazilemba kuseri kwa kope la masamu lomwe linalibenso ntchito.

Patapita zaka ziwiri khasu linawatema amayi paphazi. Bala linatukusira, mwendo unatupa, thupi linatentha. Malume anabwera kuchokera ku msika ndi makapisozi ofiira mbali ina, achikasu mbali ina. Ndinawerenga pa kapepala kake: amokisilina.

"Samwa amenewa," ndinatero.

"Adokotala a pa njinga ayankhula," anatero malume. "Chinawatupitsa chija ndi jakisoni. Awa ndi akumwa. Ngakhale nkhuku zanga zimachira nawo."

"Ndiye kapatseni nkhukuzo."

Amayi anali atatambasula kale dzanja. "Mwanawe, usawayankhe choncho achimwene. Avutika kukagula."

Ndinatsomphola makapisoziwo n'kukawaponya m'chimbudzi. Malume anandimenya khofi pamaso pa azilongo anga. Sindinabwezere. Ndinayala thumba pa kaliyala, ndinawakweza amayi, ndinapalasa. Mvula inali itakumba msewu, moti m'malo ambiri ndinkachita kukankha.

Ku chipatala tinapeza namwino wina, wachilendo, ndipo mzere unali wautali. Titalowa ndinayankhula asanagwire cholembera. "Awa penisilini amawatupitsa. Banja lonse."

Anandiyang'ana. "Unaphunzira kuti zimenezi?"

"Pa njinga."

Anatsuka bala, anatipatsa eritromisina. Si mankhwala aulemu. Amokisilina anthu amamwa katatu pa tsiku osadandaula, koma awa anali kanayi, ndipo amayi ankangoti m'mimba mukupota, nseru osatha. Tsiku lachitatu, kutentha kutatsika, anati basi achira. Ndinakana. Ndinasiya maulendo a ku malire sabata yonse, ndikuwerenga mapiritsi ndekha, n'kumawayang'ana pakhosi mpaka ameze. Ananditukwana m'Chilomwe, chimene amasungira masiku okwiya kwenikweni.

Mwendo unaphwa. Malume amauzabe anthu kuti makapisozi awo akanachiza msanga, ndipo kwathu sabweranso kawirikawiri. Zawo zimenezo. Amayi chaka chino alima nyemba munda wonse wa kumtunda, okha, ndi miyendo iwiri.