Mawu anga m'thumba la a Mwale

Lachiwiri lapitali, cha m'ma sikisi m'mawa, mawu anga anachita mwano m'munda wa fodya pamene ine mwini wake ndinali pa njinga kupita kusukulu, ndikuimba kanyimbo, osadziwa kanthu.

Ndifotokoze bwino, chifukwa nkhaniyi yandiwawa ndipo sindikufuna kuikometsera.

Inu amene mumawerenga danga lino la m'nyuzipepala mukudziwa kuti ndine mphunzitsi. Mukudziwanso matenda anga atsopano aja, ophunzira kupanga timapulogalamu ta pa foni. Palibe anandituma. Ana akaweruka ndimatsalira mu ofesi ya aphunzitsi momwe muli magetsi a sola, n'kutsegula kalaputopu kanga kothothoka mabatani awiri, n'kumatsatira anyamata a pa intaneti amene amaphunzitsa zimenezi mothamanga ngati akuthawa mvula. Bandulo ikatha, phunziro latheranso pomwepo.

Chimene mwina sindinakuuzenipo n'chakuti ndine mkamwini. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano ndikukhala kwawo kwa mayi a Chisomo, kuno kwa Wimbe. Zaka zonsezi ndakhala ndikupatuka m'njira ndikaona apongozi, kulankhula nawo nditanjuta, kulima ndime yanga osadandaula. Chaka chino ndamaliza kanyumba ka malata kwathu kwa Kaomba, ndipo ndinatuma achimwene anga, omwe ndi ankhoswe anga, kukapempha chitengwa, kuti banja lindilole kutenga mkazi wanga ndi mwana tikakhale kwathu.

Wololeza ndi mmodzi yekha: a Mwale, amalume awo a mayi a Chisomo, mwini mbumba. Anatipatsa tsiku lokambirana, Loweruka. Aliyense ankati nkhaniyi yatha kale, kwangotsala mwambo chabe. Mayi a Chisomo anali atayamba kukulunga mbale zawo zadothi m'manyuzipepala n'kumaziika m'katoni.

Ndiye ine, pofuna kuwonjezera mchere pa ndiwo zokoma kale, ndinaganiza zowasangalatsa a Mwale.

Iwo ndi mlimi wa fodya wa bale, ndipo masiku ano amadandaula kuti masiku akuwasokonekera. Ndinawapangira kapulogalamu kowakumbutsa tsiku lowokera, tsiku lothira feteleza wachiwiri, tsiku lodula nsonga, mpaka lothyola. Popeza maso awo sakuonanso tizilembo ta pa foni, ndinati kazilankhula mokweza. Popezanso mawu a makina amatchula Chichewa ngati munthu wadzaza chinangwa m'kamwa, ndinati ndijambule mawu angaanga. Ndinakonzanso kuti mawuwo azibwereza mpaka munthu atadina batani, kuopa kuti angawaphonye. Ndinadziona wanzeru kwambiri tsiku limenelo.

Anyamata a pa intaneti aja amati pulogalamu yabwino imaitana munthu ndi dzina lake loyamba, kuti azimva ngati akucheza ndi mnzake. Ndinapempha chiphaso cha a Mwale kuti ndilembe zofunika, ndipo m'pamene ndinaliona. Yohane. Zaka zisanu ndi ziwiri pamudzi pano ndinali ndisanalimvepo. Ana amati agogo, mbumba imati amalume, ngakhale akazi awo amati a Mwale. Amene ankawaitana Yohane anagona kumanda kalekale.

Tsopano mvetserani pamene panalakwika. Musanaike mawu enieni mu pulogalamu, mumayamba mwajambula mawu ongoyesera, kuti muone ngati foni ilira pa nthawi yake. Munthu umatha kungowerenga manambala, kapena kutsokomola kumene. Ine ndinali ndekha mu ofesi, chitseko chotseka. Ndinayandikitsa foni kukamwa n'kunena kuti:

"Yohane! Iwe Yohane! Dzuka ukathire feteleza, ulesi bwanji?"

Ndinaseka. Ndinamvetsera katatu, ndikuseka ndithu. Kenako ndinajambula mawu aulemu, oyamba ndi "A Mwale, mwadzuka bwanji," n'kuwasunga pambali pa oyamba aja. Oyambawo sindinawafufute, ndipo mzere umene umauza foni mawu oti iwulutse sindinausinthe. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaika kapulogalamuko mu foni ya a Mwale. Anandigwira chanza ndi manja awiri.

Lachiwiri lija, cha m'ma teni, ndili mkati mophunzitsa, ndinaona mayi a Chisomo ataima pakhomo la kalasi, matope mpaka m'mawondo. Mkazi wanga sabwera kusukulu. Ndinaganiza kuti kwagwa maliro.

"Bambo a Chisomo, tatulukani," anatero.

Titafika kuseri kwa kalasi anandiyang'ana m'maso. "Mwaika chiyani mu foni ya amalume?"

"Chokumbutsa feteleza chija. Chalira?"

"Chalira," anatero. "Kasanu."

Anandifotokozera zonse. A Mwale anali kale m'munda, atadzuka tambala woyamba monga amachitira masiku onse. Panali matenanti awo, banja lochokera ku Mulanje lomwe limawalimira fodya. Panali amayi anayi aganyu. Panalinso apongozi anga, mlongo wawo wa a Mwale. Foni inali m'thumba la malaya, pamtima penipeni. Ndiye mawu anga, omwe aliyense pamudzi pano amawadziwa, anayamba kukuwa kuti Yohane, iwe Yohane, ulesi bwanji.

A Mwale sanadziwe podina. Anaitulutsa, kuitembenuza, kuigwedeza, iyo ikungobwereza. Mayi wina waganyu anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Pamapeto pake anaiponya mu ndowa ya feteleza n'kuvundikira ndi chipewa chawo, koma ndinkamvekabe ndili mu ndowamo. Mkazi wanga ndiye anathamanga kukaithimitsa.

"Ndiye anati chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe. Anatola chipewa, n'kupitiriza kuthira feteleza."

Akanakalipa bwenzi zili bwino. Kukhala chete kumeneko ndi kumene kunandisowetsa mtendere kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka. Pamudzi palibe anandifunsa kanthu. Apongozi anasiya kutumiza ndiwo zamasamba kunyumba kwathu. Ndikadutsa pachitsime, macheza ankaduka.

Masiku anayi amenewo ndinafunafuna woti ndimuloze chala. Choyamba ndinati ndi foni. Si mmene timachitira tonsefe masiku ano? Uthenga ukapita kolakwika, ndi foni. Tikanama kuti tili panjira pamene tili pa mphasa, ndi netiweki. Kenako ndinati ndi anyamata a pa intaneti aja, amene kwawo mwana amaitana apongozi ake ndi dzina ngati akuitana mnzake wa mpira, ndipo amati ndicho chikondi. N'zoona, maphunziro awo sadziwa kuti kuno kachilembo ka "a" koyambirira dzina ndi "ni" wa kumapeto zimatha kumanga kapena kupasula banja. Koma kodi iwo ndi amene anandiuza kuti ndinene za ulesi? Kodi ndi amene anaseka katatu mu ofesi muja?

Makina sapeka mwano. Amangosunga umene wawapatsa, n'kukautulutsa pa tsiku limene sukuwafuna.

Ndiye ndikufunseni inu, amene mwina mwayamba kale kundiseka. Tulutsani foni yanu. Apongozi anu munawasunga dzina lanji m'menemo? Abwana anu? Abusa? Ine ndikudziwa mphunzitsi mnzanga amene apongozi ake akaimba, pa foni pamalembeka kuti "Mavuto". Amaiyang'ana, n'kupumira m'mwamba, n'kuyankha ndi mawu a uchi kuti, "Zikomo amayi, mwaswera bwanji?" Wina anasunga mlamu wake kuti "Osayankha". Timaseka tikaonetsana, ndipo timati palibe chalakwika poti mwini wake sakuona.

Kale munthu ukakwiya ndi apongozi unkang'ung'udza uli wekha kumunda, khasu lokha ndilo linkamva, ndipo mawuwo ankathera komweko. Lero tikuyenda ndi kachinthu m'thumba kamene sikaiwala. Tikumakauza zimene sitinganene pamaso pa munthu, kenako n'kumakabwereketsa kwa ana, kukasiya potchajitsa pa golosale, kukapereka kwa mlamu kuti aimbireko. Tagawa ulemu wathu pawiri, wa mawondo ndi wa m'foni, ndipo tikuganiza kuti ziwirizi sizidzakumana.

Zanga zinakumana Loweruka.

Kunali kamvula kowaza, choncho tinakhala m'chigafa cha a Mwale, chomwe chili chopanda kanthu mpaka fodya adzathyoledwe. A Mwale anakhala pa mpando. Apongozi ndi mayi a Chisomo anakhala pa mphasa chapatali. Ine ndi achimwene tinakhala pa njerwa. Foni yawo ija a Mwale anaiika pa kampando pakati pathu, ngati mboni.

Panjira achimwene anali atandilangiza. "Iwe ukangokhala chete. Ndikanena kuti makinawa anasokoneza okha. Akuluakulu sadziwa za mafoni, akavomera."

Ndipo anayambadi motero, mwaluso ndithu. Anati zipangizo za masiku ano n'zovuta, zimasakaniza mawu, ngakhale ophunzira zimawapusitsa. A Mwale anamvetsera mpaka kumapeto, osawadula. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi," anatero. Sanandichotsere ulemu ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandibaya kuposa kutukwanidwa. "Ine za mafoni sindidziwa, n'zoona. Koma mawu anu ndimawadziwa. Ndili ndi funso limodzi. Tsiku limene munkajambula mawu amenewa, munali ndi yani?"

Achimwene anandiponda chala. Ndinayang'ana mayi a Chisomo, iwo anali atazolika.

"Ndinali ndekha," ndinatero.

"Ndiye kuti panalibe amene munkamuseketsa."

"Panalibe."

"Munkadziseketsa nokha."

"Eya, amalume. Ndinalakwa. Si makina, ndine."

Mvula inkadontha pa udzu wa chigafa. A Mwale anayang'ana foni ija.

"Dzinalo silinandipweteke kwambiri," anatero. "Ndi langa, anandipatsa amayi anga. Za ulesi, manja angawa ayankha okha. Koma zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti mbumba yanga inapeza mkamwini waulemu. Lero ndadziwa kuti ndinkaona ulemu wa pamaso panga. Tsono mukupempha kuti mwana wathuyu mupite naye kwa Kaomba, kumene ife sitikamuona, kumene mukakhale naye nokha chitseko chotseka. Ndiuzeni, aphunzitsi. Kumeneko akakhala ndi uti? Wonjuta uja, kapena wa mu foniyu?"



A Mwale sanakane chitengwa. Anati tidzakhalanso pansi fodya akadzalowa m'chigafa muno, n'kuuma, n'kutuluka kupita kumsika. Aliyense wa kuno akudziwa kuti imeneyo ndi miyezi ingati. Kenako anatola foni n'kundipatsa. Anati ndiikonze, chifukwa tsiku la feteleza inalondola ndithu, ndipo la kudula nsonga safuna kuliphonya.

Kukonzako kunanditengera mphindi zitatu. Ndinasintha mzere umodzi, n'kufufuta mawu aja. Mphindi zitatu zimene ndikanazipeza Lamulungu lija. Nyumba ya kwa Kaomba ikhala yotseka dzinja lonse, ndipo achimwene sakundilankhula chifukwa ndinawachititsa manyazi pa bodza limene anandikonzera mwachikondi.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi chinachitika madzulo a Loweruka lomwelo, dzuwa lisanalowe. Ndinapeza mayi a Chisomo atakhala pakhonde, katoni ija ili pambali. Ankatulutsa mbale imodziimodzi, kuchotsa nyuzipepala, n'kuibwezera m'kabati momwe inachokera. Mapepalawo ankawawongola pa bondo n'kuwasanja bwinobwino. Pa tsamba lina ndinaona danga lino, kachithunzi kanga kali pamwamba, ndikumwetulira ngati munthu wodziwa zinthu.

Sanalire, sanandikalipire. Atatulutsa mbale yomaliza anapukuta manja pa chitenje, n'kunditambasulira dzanja.

"Tabweretsani foni yanu," anatero. "Ndione ine munandisunga dzina lanji."

Ndinawapatsa. Munalembedwa kuti "Mayi a Chisomo", monga mmene mwakhalira kuyambira kale, ndipo anandibwezera. Koma ndisakunamizeni: ndisanaitulutse m'thumba, dzanja langa linaima kaye pang'ono, ndikuganiza. Iwo anaona kuimako.

Nanga inu, wina atakutambasulirani dzanja lero, yanuyo mungaipereke osayamba mwaganiza?