Chipsera pa Tivi Yaikulu

Pa Mayani anthu ankawatchula kuti a Vidiyo, koma dzina lawo linali Alufeo. Anali amalume anga, alongo awo a amayi. Anabatizidwa ali khanda chifukwa amayi awo, agogo a Magadalena, anali Akatolika olimba. Atakula analowa gule wamkulu chifukwa abambo awo anali munthu wa kudambwe. Sanaonepo chifukwa chosankhira mbali imodzi. Kutchalitchi ankaima panja pa zenera, kugule ankaima pafupi ndi ng'oma.

Anakulira ku Kaphuka, m'minda ya mbatatesi. Ali mnyamata anapita ku migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi chifuwa chosatha, jekete lachikopa, ndi luso lotsegula wailesi yakufa mpaka ilankhule. Zaka zambiri anakhala pakhonde la golosale ina pa Mayani akukonza mawailesi. Matipate atabwera, katundu wa mitundumitundu atayamba kutsika m'malole, anagula tivi yaing'ono ndi deki kwa dalaivala wina pa Chimbiya, namanga chisakasa cha matabwa a paini. Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe wailesi yakanema yakeyake. Tivi inali bokosi loonetsera matepi basi.

Ine ndinabadwira ku Halale. Ndinafika kumudzi mu 1996, kampani yosindikiza mabuku imene ndinkagwirako ntchito itatsekedwa. Ndinati ndikhala mwezi umodzi, koma chaka chinatha ndikungoyendayenda pakati pa Kaphuka ndi Mayani, chikwama changa chosamasula. Ntchito yanga ku Halale inali yokonza zithunzi pa kompyuta, ndipo inandisiyira chizolowezi: ndikaona sikirini iliyonse, ndinkafuna kudziwa kuti ili ndi timadontho tingati. Pa kompyuta zinali zosavuta, umangotsegula pamene pamalembedwa manambala, n'kuona ngati ndi 640 kwa 480 kapena 800 kwa 600. Tivi ya amalume inalibe poonera zoterozo.

Tsiku loyamba kulowa m'chisakasa chawo ndinati, "Amalume, chithunzi chanuchi chili ndi nkhungu ngati phiri la Dedza m'mawa."

"Mphwanga, anthu awa abwera kudzaona mwendo ukuuluka," anatero, akuloza filimu ya karate. "Sanabwere kudzawerenga ndevu za munthu."

Koma anthu atatuluka anandiitana. Ankafuna kudziwa za timadonthoto. Ndinaviika chala m'kapu, n'kudontheza madzi pagalasi la tivi. Dontho la madzi limakulitsa zinthu, ndiye mkati mwake munaoneka timizere tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, tondandalikana ngati mizere ya m'dimba. Ndinawauza kuti chithunzi chonse ndi timeneti. Tepi imasunga mizere mpaka pamene ingathe, tivi nayo imaonetsa mpaka pamene ingathe, ndipo chofooka pa ziwirizi ndi chimene chimalamula zimene munthu aone. Anayang'ana donthoro mpaka linatsetsereka.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi ndakhala ndikugulitsa mikanda," anatero.

Chaka chotsatira, mu Ogasiti, tinamanga chiliza cha agogo aamuna. Gule anatuluka, monga kuyenera kwa munthu ngati iwo. Fiona, mwana wa amayi anga aang'ono amene ankagwira ntchito ku Lilongwe, anabwera ndi kamera yobwereka, ya katepi kakang'ono koma kosunga zambiri kuposa matepi a karate aja. Akuluakulu a gule anamulola kujambula, bola aime kutali, kumene amaima amayi. Iwo ankaganiza kuti kamera ili ngati diso, kuti ikaima kutali iona zakutali. Palibe amene anawauza kuti imakokera pafupi zinthu zakutali.

M'katepi komweko munali agogo a Magadalena, atakhala pamphasa akusankha nyemba, akumukalipira Fiona kuti asiye kuwaloza ndi chinthucho. Anamwalira mvula ya chaka chimenecho isanathe. Choncho abale atagwirizana kuti akumane mu Juni, atakolola, kuti aonere limodzi tepiyo, sinalinso nkhani ya chiliza chokha. Anthu ankafuna kuwaonanso mayi awo. Fiona anabwereka tivi yaikulu ku Lilongwe. A Kizito, akatekisiti a m'dera lathu, anaitanidwa chifukwa agogo anali a mphakati wawo.

Apa ndiyenera kunena za a Petulo, ang'ono awo a amalume a Alufeo. Iwo anakhala zaka zambiri ndi akazi awo a Veronika osamangitsa ukwati kutchalitchi, ndipo chifukwa cha ichi onse awiri sankalandira Ukalistia. A Veronika zinkawawawa. A Petulo ananena pamaso pa mpingo kuti gule amusiya, anayamba kuphunzira kwa a Kizito omwewo, ndipo ukwati unayenera kudalitsidwa mu Julayi, mwezi wotsatira msonkhano wa abale uja. Tsiku la chiliza, gule atatsala pang'ono kutuluka, tinauzidwa kuti a Petulo athamangira ku Chimbiya kukakumana ndi wogula mbatatesi.

Tivi yaikulu ija ndi kamera zinafika ku Kaphuka pa matola kutatsala tsiku limodzi, Fiona akubwera m'mbuyo. M'mawa womwewo amalume anandilowetsa m'nyumba, natseka chitseko.

"Iwe ndiwe wosameta, sunalowe gule, sindingakuuze zambiri," anatero. "Ndikufuna undionere chinthu chimodzi. Mawa anthu aone chilombo. Asaone china."

Tinayamba ndi kagalasi koonera ka kamera, kakang'ono ngati chikhadabo, kopanda mitundu. Mmenemo chilombo chinali kachithunzithunzi kovina m'fumbi. Tinalumikiza kamera ku tivi yawo yaing'ono. Chilombo chinaoneka bwino, nthenga zake, nsanza zake, miyendo yopakidwa dothi. Pamene Fiona anakokera kamera kumapazi, pa msongolo wakumanzere panali kanthu kotuwa, koma ukanati ndi matope. Kenako tinalumikiza ku tivi yaikulu.

Thukuta linali litatsuka dothi. Chipsera chinaonekera poyera, chachitali, chopindika kumapeto ngati tsamba la mpichesi. M'mudzi monse munalibe amene sankachidziwa. A Petulo anadzitema ndi khasu ali mwana, ndipo ankalima atapinda buluku mpaka m'mawondo.

Sitinatchule dzina. Sizinafunike. A Kizito akanachiona, ukwati wa mu Julayi ukanathera pomwepo, ndipo a Veronika akanabwerera kumpando wakumbuyo kumene anakhala zaka zonsezo akuyang'ana anzawo akupita kuguwa.

"Tingodumpha pamenepa," ndinatero.

"Gule wa agogo ako aamuna umudumphe? Fiona abweza tepi ndi manja ake. Ndipo aliyense afunsa chimene tabisa."

Ndiye ndinapereka nzeru ya ntchito yanga. Tikopere katepiko pa tepi yaikulu, ndipo tionetse pa tivi yaing'ono. Mizere yambiri itayika m'njira. Tinatero. Chipsera chinasungunukadi, mwendo unangokhala mwendo. Ndinasangalala. Koma amalume anabweza tepi mpaka pamene panali agogo ndi nyemba zawo. Mphini za m'masaya mwawo zinali zitapita. Makwinya a m'mbali mwa maso, amene ankaonetsa kuti akukalipa moseka, analibenso. Panatsala nkhope yosalala yovala duku.

Amalume anatsokomola pang'onopang'ono.

"Awa si amayi," anatero. "Ndi mayi wina aliyense wa pamsika."

Ku Halale funso linali limodzi nthawi zonse: tingachite bwanji kuti chioneke kwambiri? Sindinakumanepo ndi munthu wofuna kuti tepi imodzi ionetse zonse apa, n'kubisa apo. Ndinangolankhula kuti pasakhale zii. Ndinati pali chinthu chachitatu, kuwonjezera pa tepi ndi tivi, chimene ndi diso la munthu. Nalo lili ndi malire. Zikwangwani zazikulu za m'misewu tinkazisindikiza ndi madontho akuluakulu ngati nandolo, chifukwa woziona amakhala kutali ndipo diso lake limawaphatikiza.

Anatembenuka. "Bwereza."

Tinanyamula tivi yaikulu ija n'kuiika pakhonde, pamthunzi, itayang'ana pabwalo. Anaimitsa chithunzi pa mwendo uja.

"Yenda chambuyo. Maso ako ndi anthete. Ukasiya kuchiona undiuze."

Ndinayenda chambuyo kudutsa pamtondo, kudutsa pathandala la mbale. Chipsera chinayamba kuchepa, chinasanduka kadontho, kenako chinalowa m'fumbi la mwendo. Ndinali pafupi ndi mtengo wa mapichesi.

"Pano."

"Onjeza. Pali anthu amadya kaloti."

Ndinaonjeza. Anabwera nalemba mzere pansi ndi chidendene, kuchokera pamtengo mpaka pankhokwe.

Tsikulo kunazizira kuyambira m'mawa, mphepo ikutsika m'mapiri. Anthu anasonkhana masana atafunda mabulangete ndi zitenje ziwiriziwiri. A Petulo anadzipereka kuyang'anira jenereta kuseri kwa nyumba. Amalume anauza anthu kuti asendere pafupi, ana kutsogolo, ndipo agogo a Magadalena atatulukira pagalasi, pabwalo panamveka kusisima kokhakokha. Mphini zonse zinalipo. Atanena kuti, "Iwe Fiona, chotsa chimenecho, ndilibe duku labwino," anthu anaseka misozi ili m'masaya. Amayi ena anakwawa n'kukagwira galasi. Tinabweza pamenepo kangapo.

Kenako ng'oma zinayamba kumveka m'tepi. Amalume anaimitsa.

"Tsopano nonse mubwerere kuseri kwa mzere uwo. Chilombo sachiyandikira."

"Amalume, ndi tivi chabe!" anatero Fiona. "Ndavutika nayo kuchokera ku Lilongwe kuti anthu aone bwino."

"Waona bwino agogo ako. Awa si agogo ako."

A Kizito anaseka, akukonza magalasi awo. "A Alufeo, chilombo cha m'bokosi chiluma?"

"Akatekisiti, inu mukamadutsa pachithunzi cha Amayi Maria simugwada? Nanga si pepala lija?"

Bwalo lonse linaphulika. Amayi achikulire anali oyamba kunyamula mphasa zawo. Kwa iwo zinali zoonekeratu, gule amaonedwa choncho. Ana anathawira kumtengo akukuwa ngati chilombo chawathamangitsadi. Fiona anapita akung'ung'udza. A Kizito anakoka mpando wawo, koma anali munthu wolemera thupi ndiponso wosafuna kuoneka ngati akumvera malamulo a kudambwe. Anaukhazika pakati, mzere uli kumbuyo kwawo ndithu.

Ndinayang'ana amalume. Kuwauza kachiwiri mlendo wolemekezeka kukanakhala chipongwe, ndipo kukanadzutsa funso. Amalume anadina batani.

Chilombo chinalowa m'bwalo la pagalasi, fumbi likukwera. Amayi kuseri kwa mzere anayamba kuwomba m'manja ndi kuyankha nyimbo ngati zikuchitika lero. Ine ndinkadziwa pamene kamera itsikire kumapazi.

Ndi pamene a Veronika anatulukira kuchokera kukhitchini, beseni kudzanja lina, jagi ya madzi ofunda kudzanja lina. Anagwada patsogolo pa a Kizito.

"Asambe m'manja, abambo, mbatatesi zapsa. Zikazizira sizikoma."

A Kizito anaweramira pabeseni. A Veronika anathira madzi pang'onopang'ono, kamtsinje kowonda ngati ulusi.

"Komanso ndimati ndifunse za nyimbo yolowera tsiku lija. Akwaya akuti ija ya masiku onse, koma ine ndimafuna ija ankaikonda apongozi anga. Imayamba bwanji kodi? Mutu wangawu."

A Kizito anali munthu woti sangamve funso la nyimbo osaimba. Anaiyamba chapansipansi, manja ali m'madzi, maso ali pa a Veronika, ndipo a Veronika, poimba nawo, analakwitsa mzere wachiwiri kuti awakonze. Pamene ankapukuta m'manja, kamera inali itabwerera kunthenga.

Ukwati unadalitsidwa mu Julayi. Ndinawaona a Veronika akubwerera kuchokera kuguwa, manja atapinda pachifuwa, osayang'ana munthu. Patapita masabata angapo ndinawapeza akukumba mbatatesi, ndipo ndinawafunsa mozungulira ngati tsiku lija anaona chilichonse ali kukhitchini, kutali konse kuja.

"A Halale," anatero osaweramuka, "timadontho tanuto n'ta alendo. Ine mavinidwe amenewo ndingawadziwe nditaima pamwamba pa phiri."

Amalume a Alufeo anaonetsa vidiyo pa Mayani mpaka chifuwa chija chinawagoneka. Tivi yaikulu sanaifune, ngakhale Fiona anawapezera ina yotchipa. Ankati ya karate ikukwana. Koma anatengapo kachizolowezi. Munthu akabwera ndi tepi ya ukwati kapena ya maliro kuti aonere ndi abale ake, iwo ankayamba aionera okha chitseko chotseka, kenako n'kufunsa kuti kubwera ndani ndi ndani. Akatero m'pamene ankakonza mabenchi.