Njerwa za pa Manda a Mng'ono Wanga

Ndikukumbukira njira yochoka kusukulu kwathu, chakumtunda kwa Kaporo, kupita ku mabwinja a mishoni yakale. Inali njira yokoma, ndipo n'chifukwa chake mtima umandipsa, poti anthu anandiipitsira. Unkayamba kuyenda m'malire a minda ya mpunga, matope akutuluka pakati pa zala, fungo la kilombero likukugwira m'mphuno ngati wina wavundukula mphika. Kenako unkalowa m'nthochi, mozizira bwino, mabelu a ng'ombe akulira patali. Potuluka m'menemo unkafika pa linga, chiunda cha dothi chozungulira pomwe akuluakulu ankati ogula anthu aja ankatsekeramo akapolo. Ife ana tinkadutsapo chothamanga, kupatula nyengo ya mango, pomwe mizimu ya pamenepo tinkaiwala kaye.

Ukapitirira pang'ono, pamtunda, ndiye panali tchalitchi chopanda denga. Azungu ake anathawa malungo kalekale. Makoma ofiira anali chiimire, zenera limodzi lopindika pamwamba, ndipo kachere anali atamera pakhoma penipeni, mizu yake itafumbata njerwa.

Ndili Sitandade 3, madzi anasefukira mpaka kumiza manda a m'mudzi mwathu. Nthawi yomweyo amayi anabereka mwana wamkazi amene sanakhalitse. Kwathu khanda lotero siliridwa mokweza, amakaika azimayi okhaokha, ndipo ana sauzidwa. Poti pouma panalibe, anakamuika kuseri kwa tchalitchi chija. Ine ndinadziwa mochedwa. Tikuchokera ku nkhuni tsiku lina, amayi anatula mtolo, napatuka kukazula udzu pa kamalo kakang'ono kozunguliridwa ndi njerwa zosanjidwa bwino. Atandiona ndaima kumbuyo kwawo anangoti, m'Chinkhonde chathu, "Mng'ono wako ali apa. Waona ndi maso, pakamwa utseke." Ndinatsekadi.

Chaka chotsatira tinamva kuti kukubwera mlendo wamkulu wa chipani, ndipo sangaime pa dothi ngati ife, pakufunika nsanja ya njerwa. Maphunziro anaima. Kusukulu kunabwera Ambokile, mnyamata wa m'mudzi mwathu momwe, amene chivalire malaya ofiira a chipani anayamba kuyenda ngati nthaka ndi ya atate ake. Iye ndi anzake anatifoletsa kuti tikasenze njerwa ku tchalitchi chija, aliyense nkhata m'manja, aphunzitsi athu a Chimbalanga, ochokera ku Dowa, akubwera pambuyo. Njira yonse anatiimbitsa nyimbo zotamanda. Tinaimba m'minda, tinaimba m'nthochi, ngakhale pa linga paja, ana osenzetsedwa katundu mokakamiza tikuimba za ufulu.

Njerwa zogwa zokha zinatha msanga, ndipo zapakhoma zinkakana kuzuka. Ndiye Ambokile anazungulira kuseri. Ndinamva akuitana mosangalala kuti wapeza zabwino, zosanja kale. Ndinathamanga n'kukaima pakati pa kamalo ka mng'ono wanga kaja.

"Iwe Tumpale, waima ngati ng'ombe yaona njinga bwanji? Senza!"

"Achimwene, izi ayi."

"Izi ayi? Anaumba ndi abambo ako?"

Ndinayang'ana kwa aphunzitsi. Iwo anawerama n'kundinong'oneza, "Mwana wanga, nyamula. Ukufuna bambo ako akagone kuti?" Sindiwada a Chimbalanga, anali ndi ana awo. Koma mawu amene amayi anandiletsa anatuluka okha: "Pali munthu apa."

Ambokile anadziwa. Izi ndikunena popanda kukayika, chifukwa amayi ake omubereka anali m'gulu la azimayi amene anakumba pamenepo. Ndinaona nkhope yake ikusintha, kenako anayang'ana anzake a malaya ofiira, n'kuseka.

"Munthu? Munthu wakeyo khadi ya chipani ali nayo?"

Anzanga anaseka nawo, osadziwa chomwe akuseka. Ine ndinakhala pansi pomwepo n'kugwira njerwa ziwiri ndi manja. Anathyola nthambi ya kesha n'kundikwapula m'miyendo mpaka khungu linatupa mizeremizere, koma chimene chinandiwawa si chimenecho. Anandikoka ngati thumba, ndipo ndikuona ndi maso anga ana asukulu yonse anadutsa pamenepo, aliyense kuzula njerwa yake, mapazi akupondaponda mpaka malowo anafanana ndi pena paliponse.

Madzulo atate anandikalipira kuti ndiwaphetsa. Amayi sanandimenye chifukwa choulula. Anandithowa miyendo ndi madzi otentha. Sakanatha kupitako msanga, chifukwa azimayi onse ankawatenga m'mamawa kukaphunzira magule a mlendo, ndipo wojomba ankayankha mlandu. Pa tsiku lenilenilo amayi anga anavala nsalu ya chipani n'kuvina kutsogolo kwa nsanja ija, kuyambira dzuwa likutuluka mpaka linapendeka, akuyang'ana njerwa za mwana wawo zitamatidwa ndi dothi, wina atazipaka laimu. Ndipo mlendoyo sanabwere. Anati galimoto yake singadutse matope athu. Pasanathe mwezi nsanja inagumulidwa, njerwa n'kukamangira bafa la tcheyamani wa chipani.

Pamene amayi anapeza mpata wopitako, mvula inali itagwa, ng'ombe zitadyapo, udzu utamera mofanana. Ndinawaperekeza. Anayenda chokwawa kuseri kwa tchalitchi, akupapasa nthaka ndi zikhatho, apa n'kuima, apo n'kubwerera. Anandifunsa ngati ndikukumbukira. Ndinaloza malo, iwo analoza ena, ndipo tonse tinadziwa kuti tikungoganizira.

Lero ndine mayi, ndipo anthu amati ndine wofatsa. Mwana akataya ufa ndimawola, mwamuna akachedwa ndimadikira. Koma nkhani iyi yokha yakana kuzizira. Zinthu zasinthadi, sindikana. Khadi palibe wotifunsa, ana anga amapita kusukulu kukaphunzira, osati kukasenza, ndipo ndikutha kulemba izi popanda kuyang'ana kukhomo. Ambokile ndi mkulu wa mpingo tsopano, amapemphera motalika kuposa onse. Sanabwerepo pakhomo pathu kudzanena ngakhale liwu limodzi.

Ku mabwinja kuja masiku ano kumabwera alendo a magalimoto kudzajambula zithunzi, ndipo pali chikwangwani choletsa kuchotsa njerwa ngakhale imodzi, poti ndi malo a mbiri. Amayi atadwala matenda awo omaliza anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tikawaike kuseri kwa tchalitchi. Anati ngakhale malo enieni sakuwadziwa, akagona chapafupi mwanayo adzawapeza yekha. Atate ndi amalume anayenda mpaka ku boma kukapempha. Anawayankha mwaulemu ndithu, kuti malowo ndi otetezedwa, palibe wololedwa kukumbapo. Amayi tinawaika ku manda a m'mudzi, kutsidya kwa minda yonse ija, ndipo mwana wawo akadali yekha kumtunda.