Dalaivala wa Basi ndi Njinga Youma Kumbuyo

Inu amene mwakhalitsa m'nyumba mpaka mukudziwa mng'alu uliwonse wa pakhoma, nkhaniyi ndi yanu.

Bambo wina anayendetsa basi kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba kutuluka. Tsiku lina m'mawa, basi itadzaza anthu opita kuntchito, m'maso mwake munangoti bii. Anatsitsimuka basi ili m'ngalande, anthu akulira. Palibe anamwalira, koma mayi amene anakhala pampando wakutsogolo anaduka mkono. Kuchipatala anamupeza ndi matenda a shuga. Laisensi anamulanda, ntchito n'kuthera pomwepo.

Mkazi wake anapirira kanthawi, kenako anati akukaona makolo ake, ndipo sanabwererenso. Mlongo wake ndiye anamutenga n'kumupatsa kachipinda kakuseri komwe ankasungiramo firiji yakufa ndi mipando yothyoka. M'menemo ndi momwe ankatandala, atayang'ana khoma. Akangotsinzina, ankaona mkono wa mayi uja.

Tsiku lina mlongoyo anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Achimwene, inu ndi firijiyi simukusiyana. Nonse mukungodya malo. Kubungwe la madzi akufuna munthu, ndakulankhulirani kale."

"Ndani angalembe munthu wokomoka?"

"Adokotala anati mukamamwa mankhwala ndi kudya pa nthawi yake mutha kugwira ntchito. Anakuletsani basi, basi. Dzukani."

Madzi a m'tauniyo ankachokera kukasupe pamwamba pa phiri, ndipo paipi yake inkatsika kudzera m'nkhalango momwe galimoto silingalowe. Pankafunika munthu woilondola tsiku ndi tsiku kuti aone pamene yabooka. Kapitawo wake anali mayi wamfupi wosachulutsa gaga m'diwa, amene anagwirapo ntchitoyo mpaka bondo linamukana.

Mayiyo anatulutsa njinga m'chipinda cha zipangizo. Inali ya matayala onenepa, a mano ngati a thirakitala. Kutsogolo inali ndi masipiling'i, koma kumbuyo chinali chitsulo chokhachokha.

"Kutsogoloku imamva chisoni," anatero kapitawo, "koma kumbuyoku ilibe m'bale. Ndikuyesani sabata ino, bambo. Mukalephera, ndifuna wachinyamata."

Pamsewu njingayo inali yolemera, matayala akung'ung'udza. Atalowa m'kanjira ka m'nkhalango n'kusintha giya, anadabwa kuona ikukwera chitunda choti pa njinga wamba ukanatsika n'kuikankha. Gudumu lakutsogolo likaponda mwala linkaumeza bwinobwino. Koma lakumbuyo likafika pamwala womwewo, chishalo chinkamumenya ngati anachilakwira. Mano ankagundana m'kamwa. Msana wozolowera mpando wofewa unayamba kuwotcha asanafike n'komwe pakati pa phiri. Anaima kangapo, mpweya ukumuthera, akumva madzi akuyenda m'paipi pambali pake.

Potsika ndiye panali nkhani. Kanjirako kanali kopendekeka, kodzaza mizu yonyowa. Njinga inathamanga, gudumu lakumbuyo likudumphadumpha, mitengo ikumubwerera kumaso. Mantha anamugwira. Anafinya buleki yakutsogolo ndi mphamvu zake zonse. Njinga inaima, koma iye sanaime. Anadutsa pamwamba pa mahandulo n'kukagwera m'matope.

Anagona chagada. "Zayambanso," anadziuza. Anadikira mdima uja kuti ubwere.

Sunabwere. Ankaona tsamba lililonse pamwamba pake. Ankamva chigongono chikuwawa ndi magazi akutsikira kudzanja. Ankakumbukira zonse: muzu umene anauponda, chala chimene chinafinya buleki. Sanakomoke ayi, anangogwa monga amagwera munthu aliyense.

Pamenepo analira. Chichitikireni ngozi ija anali asanagwetsepo msozi. Analirira mayi uja, mkazi wake, ndi manja ake amene anali atasiya kuwakhulupirira. Kunalibe womutonthoza, ndipo atatopa anadzuka yekha n'kutsika akukankha njinga.

Kapitawo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Munakomoka?"

"Ayi, mayi. Ndagwa ndili maso."

"Ndiye ndi umbuli chabe. Umenewo umachira."

Anatsitsa chishalo pang'ono n'kumuonetsa. "Inu mumakhala phwii ngati muli m'basi. Potsika imirirani pamapedulo, thupi libwerere kumbuyo. Masipiling'i akumbuyo ndi mawondo anuwo. Mabuleki muzigwira onse awiri, pang'onopang'ono. Mawa mubwere, ngati mungadzuke."

Madzulo mlongo wake akumutsuka bala anapukusa mutu. "Kodi ndinakutumizani kuntchito kapena kunkhondo?" Anaseka, koma atatembenuka anapukuta m'maso.

M'mawa mwake thupi lonse linali ngati alipuntha ndi musi. Anakhala pamatiresi nthawi yaitali, nsapato imodzi ili m'manja. Kukhala kunali kosavuta. Koma anamwa mankhwala ake, anadya, anaika maswiti m'thumba kuopa shuga kutsika, n'kunyamuka.

Tsiku limenelo anagwanso, koma chammbali. Tsiku linalo anaimirira pamapedulo, ndipo anamva njinga ikuvina pansi pake osamupweteka. Anadutsa mizu ija osatsika. Kumunsi kwake anapeza dothi lonyowa pamalo pomwe sipanagwe mvula. Anakumba ndi manja n'kupeza paipi itang'aluka, madzi akutuluka ngati kaulusi. Anamangapo nsanza yofiira pamtengo n'kukanena.

Sabata itatha kapitawo sanamuyamikire. Anangomupatsa thumba la masipanala ndi jekete ya mvula. "Lolemba muyambire kukasupe."

Musaganize kuti zonse zinakonzeka. Banja lake silinabwerere. Anzake akale akamuona ali matope okhaokha amamukuwiza kuti, "Adalaivala, mapasinjala mwawasiya kuti?" Masiku ena, makamaka nthawi ya mvula, amatsika phiri atanyowa, msana ukuwawa, mtima uli wolemera ngati kale.

Komabe lero ali ndi chipinda chakechake, cha zenera loyang'ana kuphiri. Anyamata atsopano akalembedwa ntchito, ndi iye amene amawatsogolera m'nkhalango. Wina akagwa n'kuyamba kutukwana njinga, iye amaima, amamudikira, kenako amamufunsa kuti, "Wavulala? Ngati ayi, kwera. Anthu kumunsiku akudikira madzi."

Inunso mwina pali chimene munataya choti sichidzabweranso. Lirani, palibe akukuletsani. Koma khomo lina likatseguka, ngakhale laling'ono, ngakhale lokuchotsani ulemu umene munali nawo, lowani. Tsiku loyamba lidzakupwetekani, lachiwirinso chimodzimodzi. Mtima wokhawo musautaye. Mawa valani nsapato zonse ziwiri, mutuluke.