Mpando Wachiwiri Pakhonde la a Lumo

Dzina lawo lenileni ndi ochepa ankalidziwa. Mumsewu monse ankangoti a Lumo, chifukwa anali ometa tsitsi. Kachipinda kawo kometeramo kanapanikizika pakati pa sitolo ya penti ndi ya wokonza mafoni. Munali mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi la odikira. Ena mwa makasitomala awo anayamba kumetedwa pamenepo akulira pamiyendo pa amayi awo, lero akubwera ndi imvi.

Akazi awo anali munthu wa mawu. Anaimba kwaya kuyambira utsikana, ndipo ikafika Adventi, nyengo imene Akhristu amakonzekera kubadwa kwa Ambuye, ndiwo ankasita nsalu zofiirira za paguwa. Kunyumba ankalamula ngati msilikali. A Lumo ankaseka n'kumati, "Ine ndimagwira mitu ya anthu, koma wangawu uli m'manja mwa mayi."

Matenda analowa ngati mbala. Mayi anayamba kuiwala makiyi, kenaka mayina a adzukulu. Tsiku lina a Lumo poweruka anawapeza atakhala pakhonde, atavala diresi la kutchalitchi, maso ali kumsewu.

"Mwaswera bwanji, achimwene?" anatero mayi mwaulemu wonse. "Simunakumane ndi amuna anga uko? Amameta tsitsi."

A Lumo anaseka, poyesa nthabwala. Koma mawa lake funso linali lomwelo, mkuja chimodzimodzi. Anayesa kukalipa, anayesa kunyengerera. Anatsitsa chithunzi cha ukwati pakhoma n'kuwaonetsa.

"Eya, ndi awa amuna anga," anatero mayi, akusisita galasi ndi chala. "Taonani tsitsi lakelo! Ndiye inu ndi dazi lanuli mukufuna kundipusitsa?"

Chakudya ankalandira, mankhwala ankamwa, n'kuthokoza monga mmene munthu amathokozera mlendo wachifundo. A Lumo ankatsuka mbale misozi ili m'maso. Kufedwa n'kowawa, koma anthu amabwera kudzakupepesa. Nanga wosowa munthu amene akugona naye nyumba imodzi, amupepese ndani?

Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, anabwera kudzaona. "Ababa, mwatha thupi. Amayi ndiwatenge, inu mupumeko."

"Iwe, munthuyu akudikira mwamuna wake pakhomo pano. Ukamuchotsa, azikadikirira kuti?"

Chaka chimenecho Adventi inafika nsalu za paguwa zitasitidwa ndi ena. Lolemba lake wansembe wa parishi, bambo wonenepa wokonda kuseka, anabwera kudzametetsa. A Lumo anawakulunga nsalu m'khosi, n'kuyamba kumeta. Kenaka anazimitsa makina.

"Bambo, dzulo munalalikira kuti Mulungu ali pafupi. Ine ndagwada mpaka mawondo kuuma. Pafupi pakepo ndi pati?"

Wansembe sanaseke. Anawayang'ana m'galasi kwa kanthawi.

"Zoti mayi achira sindingakulonjezeni, ndinganame. Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu anamudikira Mpulumutsi mibadwo ndi mibadwo. Atabwera sanamuzindikire. Ankayembekeza mfumu ya asilikali, n'kuona mwana wa mmisiri wa matabwa. Ankadya naye, kwinaku akufunsabe kuti wolonjezedwayo afika liti. Iye sananyanyale n'kubwerera kwawo. Anakhala nawo basi." Anapumira m'mwamba. "Ululu wanuwu amaudziwa, a Lumo. Tsopano malizani, ndisatuluke ndi mutu watheka."

Madzulo ake a Lumo anapeza mayi pamalo pawo pomwe paja. Funso litabwera, sananene kuti "ndine". Analowa m'nyumba, natulutsa mpando wina.

"Sindinawaone, mayi. Kodi ndingadikire nanu?"

"Khalani, achimwene. Sachedwa chonchi, kaya lero kwagwanji."

Anakhala. Njinga zinkadutsa, ana a sukulu, mayi wogulitsa makala. Ndipo mayi anayamba kusimba za amuna awo: mmene anabwerera kudzafunsira atavala jekete lobwereka, manja ake ofika m'zala, mmene anagonera pansi m'chipatala sabata yonse akuwadwazika, mwana woyamba atamwalira.

"Sindinawauzepo kuti ndinawaona akulira kuseri kwa chitseko," anatero mayi. "Amuna safuna kuonedwa. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndinakwatiwa ndi munthu. Kulongolola ndimalongolola, pakamwa panga ndi potero. Mukakumana nawo musawauze, angayambe matama."

"Sindiwauza," anatero a Lumo.

Kuyambira pamenepo ankatseka msanga. Makasitomala ankadandaula, iwo n'kumangoti, "Tsitsi silithawa, mubwere mawa." Masiku ena mayi ankaimba motsitsa nyimbo za Adventi, mawu ake osaphonya ngakhale limodzi, a Lumo n'kumathira besi yawo yosasa. Pamenepo ankamva ngati pakhondepo sali awiri okha, ngakhale sakanatha kufotokozera munthu.

Khirisimasi inafika n'kupita, mayi osawazindikira. A Lumo sanaleke kulakalaka kuitanidwa kamodzi kokha ndi mawu akale aja, ngakhale okalipa. Tsiku lina dzuwa likulowa, akuwathandiza kudzuka pampando, mayi anawagwira dzanja mwamphamvu.

"Achimwene, akachedwanso mawa, mubwere. Kudikira wekha kumatopetsa."

"Ndibwera, mayi," anatero a Lumo. "Ndimakhala pafupi pompano."